Browser Ikanena Kuti Plugin Yatsekedwa: Akulankhula Ndani, Ndipo Chatsekedwa N'chiyani?

Munthu amatsegula tsamba la pa intaneti kuti adzaze fomu, aonere vidiyo kapena aone zimene kamera yachitetezo ikujambula, koma pamalo pamene zinthuzo zimayenera kuoneka pamangokhala bokosi lotuwa lokhala ndi mawu ochepa a Chingelezi, monga akuti "Blocked Plug-in" kapena "This plugin is not supported". Ambiri akaona zimenezi amaganiza kuti kompyuta yawonongeka, ndipo amayamba kusakasaka batani loti adine kuti chotchingacho chichoke. Changu chimenechi ndi chimene chimagwetsera anthu m'mavuto, chifukwa tanthauzo la chenjezoli lasintha kwambiri. Mawu amene mu 2012 ankatanthauza kuti pulogalamu ina yakalamba ndipo ikufunika yatsopano, lero angatanthauze kuti tsambalo eni ake analisiya kalekale, kapena kuti browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti monga Chrome kapena Safari, yakana kuonetsa fayilo ya PDF pa chifukwa china chosiyana kotheratu, kapenanso kuti wakuba watchera msampha. Choncho munthu asanafufuze njira yochotsera chotchingacho, ayenera kuyamba wadziwa amene akumulankhula ndiponso chinthu chimene chatsekedwacho.

Ma browser oyambirira ankatha kuonetsa mawu ndi zithunzi basi. Pakati pa zaka za m'ma 1990, kampani ya Netscape, imene browser yake ya Navigator inali yotchuka kuposa ina iliyonse, inakonza njira yotchedwa NPAPI yoti pulogalamu yapadera, yolembedwa ndi kampani ina, izipatsidwa kachigawo ka tsamba n'kumaonetsamo zinthu zake. Pulogalamu yoteroyo ndi imene imatchedwa plugin. Microsoft inabweretsa njira yakeyake mu 1996, ya ActiveX, imene inkagwira ntchito mu Internet Explorer. Kudzera pa makomo awiriwa munalowa Flash, Java, Shockwave, QuickTime, RealPlayer, Adobe Reader, kenako Silverlight mu 2007. Kwa zaka zambiri mavidiyo ndi masewera a pa intaneti ankadalira Flash, imene inali m'manja mwa Macromedia mpaka pamene Adobe inagula kampaniyo mu 2005, pomwe mabanki ndi maofesi a boma m'mayiko ambiri ankakonda Java ndi ActiveX pa ntchito yosainira zikalata ndi yotsimikizira kuti munthu ndi mwiniwakedi wa akaunti.

Vuto linali pa mphamvu zimene plugin inali nazo. Tsamba wamba la pa intaneti limagwira ntchito lili mumpanda, moti browser siililola kuwerenga mafayilo a m'kompyuta, kuyambitsa mapulogalamu ena kapena kusintha kakonzedwe ka makina. Plugin inali kunja kwa mpandawo. Inali pulogalamu yathunthu yokhala ndi ufulu wonse umene mwini kompyuta ali nawo, koma yomvera malangizo ochokera ku tsamba lililonse limene munthuyo watsegula. Ngati m'pulogalamuyo munali chibowo ngakhale chimodzi, wachiwembu ankangokonza fayilo yoipa n'kuibisa m'tsamba, kawirikawiri m'kati mwa zotsatsa malonda, ndipo kompyuta inkagwidwa mwiniwake asanadine chilichonse. Chinawonjezera vutoli n'chakuti anthu ambiri sankaika mitundu yatsopano ya ma plugin awo, choncho chibowo chimene kampani inatseka kale chinkapitirizabe kulowetsa akuba kwa miyezi kapena zaka.

Zimenezi sizinali nkhambakamwa chabe. Mu 2012 pulogalamu yoipa yotchedwa Flashback inalowa m'makompyuta a Mac pafupifupi 600,000 kudzera pa chibowo cha mu Java, ndipo mu Januwale 2013 nthambi ya boma la United States yoona za chitetezo cha m'dziko inalangiza anthu kuti azimitse Java m'ma browser awo. Mu Julayi 2015, zikalata za kampani ya ku Italy ya Hacking Team, imene inkagulitsa zida zofufuzira anthu mobisa, zitabedwa n'kuikidwa poyera, munapezeka zibowo za mu Flash zimene Adobe inali isanazidziwe, moti Mozilla inatseka Flash yense mu Firefox kwa masiku angapo mpaka mtundu wokonzedwa utatuluka. Apple inali itakana kale kulola Flash pa iPhone, ndipo Steve Jobs anafotokoza zifukwa zake m'kalata yapoyera mu Epulo 2010.

Makampani opanga ma browser sanatseke khomo tsiku limodzi, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika kwa aliyense amene akufufuza yankho lero, chifukwa sitepe iliyonse inali ndi chenjezo lake komanso malangizo ake. Poyamba, mu 2004, Windows XP Service Pack 2 inabweretsa kamzere kachikasu pamwamba pa tsamba mu Internet Explorer kopempha chilolezo ActiveX isanaikidwe. Kenako ma browser anayamba kusunga mndandanda wa mitundu yakale ya ma plugin n'kumaikana, ndipo apa m'pamene mawu akuti "Blocked Plug-in" anatchuka mu Safari. Pambuyo pake panabwera lamulo lakuti plugin isayambe yokha mpaka munthu atadina. Mapeto ake kunali kuchotseratu. Chrome inazimitsa NPAPI mu Epulo 2015 n'kuichotseratu mu Chrome 45 mu Sepitembala chaka chomwecho. Firefox 52, ya mu Malichi 2017, inasiya ma plugin onse kupatulapo Flash, ndipo Safari 12 inachita chimodzimodzi mu 2018. Adobe inalengeza mu Julayi 2017 kuti Flash idzatha kumapeto kwa 2020. Inasiyadi kuisamalira pa 31 Disembala 2020, ndipo kuyambira pa 12 Januwale 2021 Flash Player yeniyeniyo inayamba kukana kutsegula zinthu zake. Chrome 88 ndi Firefox 85, zimene zinatuluka mwezi womwewo, zinalibenso malo a Flash. Silverlight nayo inasiya kusamalidwa mu Okutobala 2021.

Malangizo ambiri amene munthu amawapeza akafufuza mawu a chenjezoli analembedwa pa nthawi ya masitepe apakatiwo, ndipo sakugwiranso ntchito. Ena amauza munthu kuti alembe chrome://plugins pamalo a adiresi, pomwe tsamba limenelo linachotsedwa mu Chrome 57 mu 2017. Ena amati adine pa bokosi lotuwalo n'kusankha kulola, koma chololedwacho kulibenso. Chenicheni n'chakuti Chrome, Edge, Firefox ndi Safari za masiku ano zilibe khomo lolowetserapo plugin ya mtundu wakalewo, kupatula IE mode ya mu Edge imene tiifotokoza kutsogoloku, ndipo pa mafoni khomolo linatsekedwa kale kwambiri, chifukwa ngakhale pa Android, Adobe inasiya kugawa Flash mu 2012. Choncho tsamba limene likuuza munthu lero kuti aike Flash Player kapena plugin ina kuti aone zinthu zake, mwina ndi lakale lomwe palibe akulisamalira, apo ayi likunama.

Pali kusokonezeka kwina kochokera ku mayina. Anthu ambiri amatchula kuti plugin tinthu timene amawonjezera ku browser, monga totsekereza zotsatsa malonda, tomasulira mawu kapena tosungira mapasiwedi, koma dzina lake lenileni ndi extension. Extension imalembedwa m'chinenero chomwe masamba a pa intaneti amalembedwera, imapempha zilolezo zodziwika, ndipo imakhala pansi pa ulamuliro wa browser. Chrome ikanena kuti yazimitsa extension inayake chifukwa siikuthandizidwanso, monga momwe inayambira kuchitira mu 2024 ndi ma extension olembedwa motsatira malamulo akale a Manifest V2, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo yankho lake ndi kupeza mtundu watsopano wa extension yomweyo kapena ina yogwira ntchito yofanana m'sitolo yovomerezeka ya browser.

Tsopano tibwerere ku funso la amene akulankhula, chifukwa apa m'pamene pagona ngozi yaikulu. Tsamba lililonse likhoza kujambula bokosi lotuwa lofanana ndendende ndi la browser, likhoza kuika chizindikiro cha Adobe, cha Google kapena cha Apple, ndiponso likhoza kudzaza sikirini yonse kuti munthu asaone malo a adiresi. Maonekedwe paokha sangathandize kusiyanitsa. Chimene chimaulula chinyengo ndi chimene uthengawo ukupempha. Browser yeniyeni siipereka nambala ya foni yoti munthu aimbe, siiwerenga masekondi otsala, siiopseza kuti mafayilo afufutika, ndipo siituma munthu kukadawuniloda fayilo kuchokera pa tsamba limene ali kuliwerengalo. Ikafuna mtundu watsopano imadzitengera yokha kudzera mu Settings, pagawo lofotokoza za browser yomweyo. Njira yosavuta yoyesera ndiyo kutseka tsambalo, kutsegula gawo limenelo ndi kuona ngati palidi mtundu watsopano umene ukudikira. Ngati browser ikuti ili kale ndi mtundu waposachedwa, ndiye kuti uthenga uja unali nyambo.

Akuba anakonda kwambiri nyambo imeneyi chifukwa kwa zaka zambiri anthu anazolowera kumvera pempho loti aike Flash yatsopano. Mu Okutobala 2017 pulogalamu ya Bad Rabbit, yotseka mafayilo a anthu n'kumafuna dipo, inafalikira makamaka ku Russia ndi ku Ukraine itadzibisa ngati fayilo yoikira Flash, ndipo pa makompyuta a Mac pulogalamu ya Shlayer inavutitsa anthu kwa zaka zingapo ndi bodza lomweli. Flash itatha, bodzalo linangosintha malaya. Tsopano uthenga umati browser yakalamba, kapena kuti pakusowa kachidutswa kena koonetsera chikalata. Mtundu wina umene unafala kuyambira mu 2024 ndi wochenjera kwambiri: sumapatsa munthu fayilo iliyonse, koma umamuuza kuti adine batani la Windows pamodzi ndi R, kapena atsegule Terminal pa Mac, kenako amatemo mawu amene tsambalo lamukopera kale mobisa. Munthu akatero amakhala atayambitsa pulogalamu yoipayo ndi manja ake, ndipo chitetezo chonse cha browser chimakhala chitalambalalidwa. Palibe vuto la plugin, lenileni kapena lakale, limene limakonzedwa mwa njira imeneyo.

Machenjezo ena abodza amatulukira pakona ya sikirini ngakhale tsamba lija litatsekedwa, ndipo amaoneka ngati akuchokera kwa Windows kapena kwa pulogalamu yoteteza ku mavairasi. Kawirikawiri amakhala mauthenga a tsamba limene munthu analiloleza tsiku lina, mosazindikira, kuti lizimutumizira zidziwitso. Mankhwala ake ali mu Settings ya browser, pagawo la Notifications, pamene pali mndandanda wa masamba ololedwa ndipo osadziwikawo akhoza kuchotsedwa. Koma ngati munthu anaika kale fayilo imene uthenga wabodza unamupatsa, nkhani yakula. Ayenera kuchotsa kompyutayo pa intaneti, kuifufuza yonse ndi pulogalamu yodalirika yoteteza ku mavairasi, kuchotsa ma extension amene sakuwadziwa, ndiponso kusintha mapasiwedi a imelo ndi a ku banki pogwiritsa ntchito chipangizo china, chifukwa mapulogalamu ambiri oterewa ntchito yake yoyamba ndi kuba mapasiwedi osungidwa mu browser.

Uthenga ukapezeka kuti ndi weniweni, chotsatira ndi kudziwa chimene chakanidwa. Kudina F12 mu Chrome, Edge kapena Firefox kumatsegula zida za akatswiri olemba masamba, ndipo pagawo la Console browser imalemba, nthawi zambiri ndi zilembo zofiira, dzina la fayilo imene yaikana pamodzi ndi chifukwa chake. Munthu safunika kumvetsa zonse zolembedwa pamenepo. Mapeto a dzina la fayilo amanena zambiri: .swf ndi Flash, .jar kapena .class ndi Java, .xap ndi Silverlight, .cab kapena .ocx ndi ActiveX, ndipo .pdf ndi chikalata wamba. Mawu akuti "Mixed Content" kapena "Content Security Policy" amasonyeza kuti vutolo silikukhudza plugin yakale n'komwe. Ndi bwinonso kutsegula tsamba lomwelo pawindo lachinsinsi, limene Chrome imalitcha Incognito, chifukwa kumeneko ma extension ambiri amakhala ozimitsidwa, kenako kuliyesa mu browser ina. Ngati tsambalo likugwira ntchito pawindo lachinsinsi, wolakwa amakhala extension, kawirikawiri yotsekereza zotsatsa malonda, kapena zinthu zakale zimene browser inasunga. Ngati likukanika paliponse, vuto lili kwa eni tsamba.

Masiku ano machenjezo enieni ambiri otchula plugin amakhudza mafayilo a PDF, ndipo chifukwa chake ndi cha mbiri yakale. Masamba ambiri amaikabe PDF m'kati mwa tsamba pogwiritsa ntchito malamulo omwe aja amene ankaitanira ma plugin, ngakhale kuti browser tsopano ili ndi choonetsera chakechake, monga momwe Firefox yakhalira nacho kuyambira mu 2013. Choonetseracho chikakanika, uthenga umene umatuluka ndi wa mawu akale aja. Chimakanika ngati mu Settings munasankhidwa kuti ma PDF azidawunilodedwa m'malo motsegulidwa, ngati eni tsamba anaika chikalatacho m'kachigawo kotchingidwa kamene sikalola zinthu zoterezi, kapena ngati munthu akugwiritsa ntchito browser ya pa foni imene siitha kuonetsa PDF m'kati mwa tsamba. Pa makompyuta akale a Mac, Safari inkakangana ndi mafayilo a Adobe otchedwa AdobePDFViewer amene ankakhala mufoda ya Internet Plug-Ins, ndipo kuwachotsa kunkabwezera ntchitoyo kwa choonetsera cha Safari. Pa zonsezi njira yachidule ndi imodzi: kudawuniloda chikalatacho n'kuchitsegula pachokha. Mafomu ena a PDF opangidwa mwa njira yapadera ya Adobe yotchedwa XFA sagwira bwino ntchito m'ma browser ambiri, ndipo amafuna Acrobat Reader yoikidwa m'kompyuta.

Mtundu wachiwiri umakhudza mavidiyo ndi nyimbo zolipira. Makampani monga Netflix ndi Spotify amatseka zinthu zawo kuti zisakopedwe, ndipo browser imafunika kachidutswa kapadera kotsegulira. Google ili ndi Widevine, Microsoft ili ndi PlayReady, ndipo Apple ili ndi FairPlay. Firefox imaika Widevine pamodzi ndi OpenH264 ya kampani ya Cisco pagawo limene imalitchabe Plugins, koma tizidutswa timeneti ndi tosiyana ndi ma plugin akale chifukwa browser imatitenga yokha ndipo imatiyendetsa tili mumpanda. Vidiyo ikakana ndi uthenga wotchula DRM (dzina la kutseka kumeneku) kapena zinthu zotetezedwa, munthu aone ngati mu Firefox muli chizindikiro pa mawu akuti "Play DRM-controlled content", kapena ngati mu Chrome masamba akuloledwa kusewera zinthu zotetezedwa. Mu Chrome, adiresi ya chrome://components imaonetsa Widevine pamodzi ndi batani lofufuzira mtundu watsopano. Pamene kompyuta ili ndi Windows kapena macOS yakale kwambiri moti browser siilandiranso mitundu yatsopano, kachidutswaka nako kamatsalira m'mbuyo, ndipo palibe batani limene lingakonze zimenezo.

Chenjezo la "Mixed Content" limafuna kulifotokoza pang'ono, chifukwa anthu amalisokoneza ndi la plugin ngakhale gwero lake ndi lina. Tsamba loyamba ndi https limatumizidwa mobisika, moti munthu wa pakati pa njira sangaliwerenge kapena kulisintha. Koma ngati tsambalo likuitana kachigawo kena kudzera pa http wamba, kachigawoko kamayenda poyera, ndipo amene akulamulira netiwekiyo akhoza kukasinthanitsa ndi kena koipa, kamene kakafika m'tsambamo kangawerenge zonse zimene munthu akulemba. Firefox inayamba kukana zoterezi yokha mu 2013, ndipo ma browser ena onse akuluakulu amachita chimodzimodzi. Mu Chrome ndi Edge n'zotheka kuloleza tsamba limodzi pagawo la "Insecure content", ndipo pa chipangizo cha m'kati mwa ofesi chimene munthu akuchidziwa bwino zimenezi zikhoza kukhala zomveka. Pa tsamba lolemberapo pasiwedi kapena nambala ya khadi la ku banki, kuloleza kumeneku n'kosayenera ngakhale pang'ono. Woyenera kukonza ndi mwini tsamba, ndipo ntchito yake kawirikawiri ndi yaing'ono, yongosintha ma adiresi kuti onse ayambe ndi https.

Pa kompyuta ya kuntchito kapena ya kusukulu, chotchinga chikhoza kukhala chinaikidwa dala ndi oyang'anira makompyuta. Browser imalemba kuti ikuyendetsedwa ndi bungwe, ndipo malamulowo amaoneka pa chrome://policy, edge://policy kapena about:policies mu Firefox. Pamenepo chochita ndi kuwauza oyang'anirawo adiresi ya tsambalo ndi mawu enieni a uthengawo. Mawu omwewo akaoneka pa kompyuta ya munthu payekha, mwina aikidwa ndi pulogalamu yoteteza ku mavairasi, koma n'kuthekanso kuti ndi pulogalamu yoipa imene yadziikira malamulo kuti extension yake isachotsedwe, choncho ndi bwino kuwerenga mndandandawo.

Chovuta kwenikweni chimatsala pamene chinthu chokanidwacho ndi plugin yakale yeniyeni, ndipo munthu akuchifunabe. Pa Flash, nkhani ndi yabwinoko kuposa mmene ambiri amaganizira. Pali pulogalamu yaulere ya Ruffle, yolembedwa m'chinenero cha Rust, imene imawerenga mafayilo a .swf ili m'kati mwa mpanda wa browser popanda kugwiritsa ntchito chilichonse cha Flash Player yakale. Bungwe la Internet Archive linayamba kuigwiritsa ntchito mu Novembala 2020 poonetsa masewera ndi makatuni akale, ndipo gulu la anthu odzipereka la Flashpoint lasunga masauzande ambiri a zinthu zoterezi. Ruffle imachita bwino kwambiri ndi mafayilo akale olembedwa mu ActionScript 1 ndi 2, mitundu yoyambirira ya chinenero cha Flash, pomwe ena ovuta a ActionScript 3 amakanika apo ndi apo, ndipo siingadzutse chinthu chimene chinkadalira seva (kompyuta yotumikira ena kudzera pa netiweki) imene inazimitsidwa. Chimene sichiyenera kuchitika ndi kukafukula Flash Player yakale pa masamba osadziwika, chifukwa zibowo zake palibenso wozitseka, ndipo mafayilo ambiri otchedwa dzina limenelo si Flash n'komwe. Mabungwe akuluakulu nawo anapunthwa pa nkhaniyi. Bungwe lotolera misonkho ku South Africa, la SARS, linatulutsa browser yakeyake mu Januwale 2021 kuti anthu athe kudzaza mafomu ena amene anali akudalirabe Flash, ndipo zimenezi zikusonyeza kukula kwa mtengo umene bungwe limalipira likachedwa kusamuka.

Pa Java pafunika kusiyanitsa zinthu ziwiri. Chinenero cha Java chidakali chamoyo ndipo chikuyendetsa maseva ambirimbiri. Chimene chinatha ndi plugin yake ya mu browser, imene inkayendetsa timapulogalamu totchedwa ma applet. Kuyambira pa Java 7 Update 51, mu Januwale 2014, ma applet osasainidwa ndi satifiketi yodalirika ankakanidwa ndi uthenga wonga wakuti "Application Blocked by Java Security", ndipo njira yodutsira inali kulemba adiresi ya tsambalo pa Exception Site List mu Java Control Panel. Njira imeneyi imagwirabe ntchito pa Java 8, koma pokhapokha pali browser yotha kuitana plugin, ndipo Oracle inachotseratu pluginyo mu Java 11 mu 2018. Kuika Java yatsopano m'kompyuta sikungachititse kuti applet itseguke mu Chrome kapena mu Firefox, ngakhale munthu ataiika kangati. Zida zina zimapereka fayilo ya .jnlp m'malo mwa applet, ndipo imeneyo imatsegulidwa kunja kwa browser ndi Java Web Start ya mu Java 8 kapena ndi pulogalamu yaulere ya OpenWebStart.

Khomo limodzi lokha lovomerezeka limene latsala ndi la IE mode mu Microsoft Edge pa Windows. Internet Explorer 11 inapumitsidwa pa 15 Juni 2022 pa mitundu yambiri ya Windows 10, koma injini yake idakalimo, ndipo Edge ikhoza kuiitana kuti itsegule masamba osankhidwa pamodzi ndi ActiveX yawo. Microsoft inalonjeza kusamalira njirayi mpaka 2029, kapena kupitirira. Inaisunga chifukwa mabungwe ambiri anamanga ntchito zawo pa ActiveX, ndipo dziko la South Korea ndilo chitsanzo chodziwika, pakuti kwa zaka zambiri kugula zinthu ndi kugwiritsa ntchito banki pa intaneti kumeneko kunkafuna Internet Explorer. Kagwiritsidwe ntchito koyenera ka IE mode ndi kolemba adiresi imodzi ndi imodzi ya masamba amene akufunikiradi, makamaka a m'kati mwa bungwe, ndi kusiya ena onse kuti azitsegulidwa ndi injini yatsopano. Tsamba lachilendo la pa intaneti likapempha munthu kuti alitsegule mu IE mode, pempho limenelo liyenera kukayikiridwa mofanana ndi lija loika Flash, chifukwa injini yakaleyo ilibe chitetezo chochuluka chimene Edge ili nacho.

Amene amavutika kwambiri ndi eni zipangizo zimene zidakali zolimba koma tsamba lake loyendetsera linakalamba: makina ojambulira zithunzi za makamera achitetezo, maseva akale amene amayendetsedwa patali kudzera mu Java, makina a m'mafakitale ndi a m'zipatala. Kutaya chipangizo chogwira ntchito chifukwa cha tsamba lake lokha kumapweteka, ndipo n'zomveka kuti munthu afune njira ina. Choyamba ndi kufufuza kwa kampani yopanga chipangizocho ngati inatulutsa firmware yatsopano, kutanthauza pulogalamu ya m'kati mwa chipangizocho, chifukwa makampani ambiri analembanso masamba awo kuti asafune plugin. Ambiri alinso ndi pulogalamu yapadera ya pa kompyuta kapena ya pa foni imene imachita ntchito yomweyo popanda browser, ndipo makamera ambiri amatumiza zithunzi kudzera m'njira ya RTSP imene pulogalamu ngati VLC imatha kutsegula. Zonsezi zikakanika, njira yotsala ndi yopatula: kusunga browser yakale, monga Firefox 52 ESR imene inali yomaliza kulola Java ndi Silverlight, mu virtual machine (kompyuta yongoyerekezera imene imayenda m'kati mwa kompyuta yeniyeni) kapena pa kompyuta yapadera imene imalankhulana ndi chipangizocho chokha, yosalumikizidwa ku intaneti, yosatsegulirapo imelo, ndiponso yosasungirapo pasiwedi ina iliyonse kupatula ya chipangizocho. Chipangizocho nachonso chisatsegulidwe kuti chizifikiridwa kuchokera kunja kwa netiweki, chifukwa makina amene tsamba lake likufunabe ActiveX kapena Java kawirikawiri amakhala atatha zaka zambiri osalandira chokonza chilichonse cha chitetezo, ndipo amene akufuna kuwaona ali kutali adutse kaye pa VPN, njira yobisika yolowera mu netiwekiyo kuchokera kunja.